Gofu ya ife osewera kawiri pa chaka

Anzathu a pamsewu, amalonda ndi madalaivala, tikudziwa kuti ena mwangoona mawu akuti gofu mwayamba kale kuseka. Sekani ndithu, nafenso tinkaseka. Kwa zaka zambiri gofu tinkangoionera pa windo la basi: kapinga wobiriwira pakati pa chilimwe, anthu anayi akuyenda pang'onopang'ono ngati alibe ngongole ndi munthu, pambuyo pawo wina atasenza chikwama. Tinkati amenewo ndi masewera a mabwana a ku banki ndi a m'maesiteti a tiyi, ife a geni sizitikhudza.

Lero tili ndi zaka 46. Bizinesi yathu ndi yomwe ija ambiri mukuidziwa, mapaipi, mipope ndi zamagetsi zomwe timapikula ku Johannesburg n'kumagulitsa ku Lilongwe. Ndipo gofu timasewera, kawiri kapena katatu pa chaka. Sitikuidziwa bwino, ndipo pa msinkhu uno sitidzaidziwanso. Choncho musayembekezere kuti tikuphunzitsani kamenyedwe ka akatswiri. Tikulembera munthu amene tsiku lina adzaitanidwa ku gofu ndi bwana woti sangamukanire, monga zinatichitikira ife mu 2022.

Pali kampani ina yopikulitsa katundu kumene tinali titaoda kwa zaka 6, ulendo uliwonse kashi. Tinaipempha akaunti: tizitenga katundu wa R150,000, tizilipira pakatha masiku 30. Amene mumayenda njira ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Dedza mukudziwa chimene akaunti yotere imatanthauza. Ndalama zakunja zikasowa kwathu, wa akaunti amakweza katundu n'kumasaka marandi thiraki ili kale panjira, pamene wa kashi amangokhala manja lende. Manijala wa pamenepo anatiuza kuti mawu omaliza ali ndi mwini kampani, bambo wachikulire amene sabwerabwera ku sitolo, koma mu October kuli tsiku la gofu la makasitomala ndipo iwo adzakhalako. Kenako anafunsa: "Mumasewera?" Ife pakamwa panathamanga: "Pang'ono." Chonsecho ndodo ya gofu tinali tisanaigwirepo chibadwire. Kunali kutatsala masabata atatu.

Wamalonda akapanikizika amathamangira kugula. Tinalowa m'sitolo ina ya katundu wogwirapo kale ntchito, tinapeza chikwama chodzaza ndodo, dzina lake lotchuka, mtengo R3,800. Tinanenerera mpaka R3,300, n'kutuluka tikudziguguda pamtima kuti taphula.

Pa yadi ina ya mathiraki ku City Deep, kumene timakwezera katundu, pamafika madala ena oyendetsa thiraki amene ali mnyamata ankanyamula zikwama za osewera ku Limbe Country Club. Tinawatengera chikwama chija kuti atiyamikire. Anasolola ndodo imodzi, anaitembenuza uku ndi uku, n'kutifunsa: "Achimwene, nsima mumadyera dzanja liti?" Tinati lamanja. "Nanga izi mwagulira ndani? Izitu ndi za munthu wamanzere."

Kusitolo kuja anakana kubweza ndalama, ndipo pa lisiti zinalembedwa ndithu, ife sitinawerenge. Ndiye inu amene nthawi zina mumalandira maoda a ndodo za gofu kuchokera kumudzi, tengani izi zimene tinazigula modula. Ikani mutu wa ndodo pansi patsogolo panu ngati mukufuna kumenya: ngati nkhope yake yomenyera yayang'ana kumanzere kwanu, ndodoyo ndi ya munthu wamanja. Yang'anani chilembo pa thunthu lake: R ndi yapakatikati yoyenera anthu ambiri, S ndi yolimba ya anthu omenya mwamphamvu, A ndi ya achikulire, L ndi ya amayi. Mufunseni kasitomala chilembo chake musanatulutse ndalama. Gwirani labala wa pogwirira: akakhala wouma ndi wonyezimira ndiye kuti watha, ndipo kusintha ndodo iliyonse ndi ndalama ina. Ndipo mukaona ndodo zatsopano zolembedwa Titleist, Callaway, Ping kapena TaylorMade zikugulitsidwa pa mtengo wa nsapato, zisiyeni. Osewera enieni amazindikira yabodza akangomenya kamodzi, ndipo katunduyo adzakubwezerani. Koma ngati ndi zoti museweretse nokha kawiri pa chaka, musagule n'komwe. Mabwalo ambiri ali ndi kasitolo pakhomo kamene kamabwereketsa chikwama chathunthu pa tsiku.

Madala aja amasunga ndodo imodzi kuseri kwa mpando wa thiraki, yolembedwa 7. Ndi imene anatiphunzitsira, kuseri kwa makontena madzulo. Tsiku loyamba tinkamenya timipira tapulasitiki, zonse bwinobwino. Tsiku lachiwiri iwo atapita kukasamba tinati tiyeseko mpira weniweni. Unanyamuka mopingasa ngati wotumidwa, n'kukaswa galasi la pambali la thiraki ya munthu wa ku Ndola. Tinalipira, komanso tinapepesa m'zilankhulo zitatu. Mpira wa gofu ndi wolimba ngati mwala, sumenyedwa pamene pali magalimoto kapena anthu. Kuyambira pamenepo tinkapita ku Huddle Park, bwalo lotsegukira aliyense cha ku Linksfield, kumene kuli malo ongoyesererako: umagula ndowa ya mipira, n'kumamenya mpaka ithe, palibe wokufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Tinapitako kanayi. Kukonzekera kwathu konse kunali komweko.

Masewerawo m'chidule ali motere. Bwalo lathunthu lili ndi maenje 18. Dzenje lililonse lili ndi nambala yotchedwa par, 3, 4 kapena 5, yonena kuti wodziwa ayenera kumenya kangati kuti mpira ulowe. Mukaphatikiza maenje onse, mabwalo ambiri amafika 70, 71 kapena 72. Dzenjelo ndi laling'ono, mamilimita 108 kukamwa kwake, koma nthawi zambiri limakhala mamita 300 kapena kuposa kuchokera pamene mwayambira. Wamenya kochepa ndiye wapambana. Malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama, koma madala aja anati kwa ife zinayi zakwana: ya 7 ija, ina ya nkhope yogona yotchedwa wedge yotulutsira mpira mumchenga ndi kuponyera pafupi, putter yokankhira mpira pa kapinga wosalala wozungulira dzenje, ndi imodzi yotalikirapo yoyambira. Tinafunsa za ndodo ya chimutu chachikulu ija, driver, imene aliyense amajambulitsa nayo chithunzi. Anati: "Imeneyo ndi thiraki ya ngolo ziwiri. Sapatsa munthu wa layisensi ya njinga yamoto."

Malangizo awo ena anali ochepa. Musaigwire ngati khasu, gofu si kulima. Maso akhale pa mpira mpaka utachoka. Ndipo mphamvu zisiyeni kunyumba, chifukwa mpira womenyedwa mofatsa pakati pa ndodo umapita kutali kuposa womenyedwa ndi mkwiyo. Zonsezi zinali zoona, ndipo zonsezi tinaziiwala pa dzenje loyamba.

Za zovala tidutse msanga. Jinzi salola, malaya akhale a kolala, nsapato zikhale zamasewera zosaterera. Mukaphonya pamenepa amakubwezani pakhomo mwaulemu kapena kukugulitsani malaya pa mtengo woti mungagulire atatu ku Dragon City. Fikani ola lathunthu nthawi yanu isanakwane, chifukwa magulu amanyamuka motsatana pakangodutsa mphindi zochepa, ndipo si basi yoti kondakitala akudikirani mukugula chipisi.

Gulu lathu linali la anthu anayi: ife ndi manijala uja mbali imodzi, mwini kampani ndi kontilakita wina wa ku Polokwane mbali ina. Anagwirizana kabetcha kakang'ono, R50 munthu aliyense. Aliyense anapatsidwa caddie, munthu wonyamula chikwama. Wathu anali bambo woonda, wa imvi pang'ono, wosalankhula. Pa dzenje loyamba anthu onse akuyang'ana, tinazunguza ndodo ndi mphamvu zonse za ku Lilongwe, ndipo mpira unatsala pomwepo osagwedezeka. Kumeneko amawerenga ngati wamenya ndithu. Kachiwiri unagubuduka mamita ngati 40. Mawu anatipulumuka: "Mayo ine, ndalakwanji!" Pamenepo wonyamula chikwama uja, osatiyang'ana n'komwe, ananong'ona: "Pepani achimwene. Tiyeni tiziyenda, musaime." Tinatembenuka ngati tamva mzimu. Anali munthu wa ku Mangochi, zaka zoposa 20 ali ku Joni, zambiri mwa zakazo pa bwalo lomwelo.

Mawu awo akuti musaime ndiwo theka la zimene munthu wosewera mwa apo ndi apo ayenera kudziwa. Ife tinkaganiza kuti anzathu atinyoza chifukwa chomenya moipa. Ayi ndithu. Osewera gofu onse amamenya moipa, amangosiyana kuchuluka kwake, ndipo aliyense ali kalikiliki ndi mavuto a mpira wake. Chimene sakhululuka ndi kuwachedwetsa. Maenje 18 ayenera kutha pa maola anayi kapena anayi ndi theka, ndipo pambuyo panu pali magulu ena pamzere, ngati pa Beitbridge mu December.

Masiku a makampani ngati amenewa kawirikawiri amawerenga mapointi mwa njira yotchedwa Stableford, imene ili ngati inapangidwira anthu onga ife. Wofooka amapatsidwa mwayi womenya koonjezera, umene amautcha handicap. Ife anatilembera 36, kutanthauza kawiri koonjezera pa dzenje lililonse. Ndiye pa dzenje la par 4, tikalowetsa titamenya ka 6 ndi mapointi 2, ka 7 ndi pointi imodzi, ka 8 palibe kanthu. Apa nzeru yake ndi yakuti mukamenya ka 7 mpira usanalowe, tolani, ikani m'thumba, pitani kutsogolo. Palibe manyazi, aliyense amatero. Koma ife mtima wa wamalonda sulola kusiya katundu panjira. Pa dzenje lachiwiri tinalimbikira mpaka ka 11, achimwene a ku Mangochi akungoti tolani, tolani. Pofika lachinayi kunabwera munthu pa kangolo kudzatiuza mwaulemu kuti gulu lathu latsalira. Nkhope ya manijala uja inasintha. Iye ndi amene anatiitana.

Mipira tinataya 9 tsiku limenelo, ina m'madzi, ina m'tchire. Kuyambira 2019 lamulo limapereka mphindi 3 zokha zofunafuna mpira wotayika, kale zinali 5. Ife tinkaona marandi akugona mu udzu, mtima osalola. Mankhwala ake ndi osavuta: musagule mipira yatsopano ya m'bokosi. Gulani yotoledwa, imene amagulitsa m'matumba pa mtengo wotsika, kuti ukatayika muzingoti upite. Foni ikhale chete. Yathu inalira mwini kampani ataweramira mpira wawo, ndipo anali mayi wina wa ku Area 25 kufunsa ngati phukusi lake lakwera. Wina akamamenya, imani chilili pambali, osayenda, osalankhula. Pa kapinga wa padzenje musaponde pakati pa mpira wa mnzanu ndi dzenjelo. Mukatuluka mumchenga, salazani mapazi anu ndi chipangizo chimene amasiya pomwepo. Ndipo mpira wanu ukalunjika kwa anthu, kuwani mawu akuti "fore" ndi mmero wonse. Mukamva wina akukuwa choncho, musayang'ane kumwamba, bisani mutu.

Tsopano tifike pa chimene chatichititsa kulemba zonsezi, dzenje la 7.

Linali la par 4. Titamenya kawiri, mpira unakalowa pansi pa chitsamba, pamalo poti ndodo siingazungulire. Anzathu atatu anali mbali ina ya bwalo. Tinayang'ana uku ndi uku, kenako phazi linachita zake: kakankha kamodzi, mpira uli poyera. Panalinso kamodzi pamene tinazunguza ndodo n'kuphonya mu udzu wautali, tinadziuza kuti kumeneko kunali kungoyesera. Titalowetsa, mwini kampani, amene ankalemba khadi lathu, anafunsa: "Kangati?" Tinati: "Ka 6." Anatiyang'ana pang'ono, analemba 6, n'kuika pensulo kukhutu. Mapointi 2, oyamba a tsiku lonse amene anathandiza mbali yathu. Manijala anatimenya paphewa mosangalala.

Tikupita ku dzenje la 8, achimwene a ku Mangochi anachepetsa liwiro mpaka tinatsala awiri. Anati: "Achimwene, ndinene kanthu?" Tinati nenani. "Madala awo ndawanyamulira chikwama zaka zambiri. Amawerenga za aliyense. Akamafunsa kuti kangati, sikuti sakudziwa." Basi. Anasenza chikwama n'kutsogola.

Maenje awiri otsatirawo sitikuwakumbukira. Tinkangodzifunsa kuti chatichititsa n'chiyani, pakuti R50 si ndalama yoti munthu wa zaka zathu anamire. Yankho lake silokoma, koma pano tili pakati pa eni ake. Ndi dzanja lozolowera. Ndani mwa ife sanaimepo pa boda ndi invoisi imene nambala yake yaonda pang'ono panjira? Ndani sananenepo kuti mabokosi ndi 18 pamene ali 20? Timadziuza kuti si bodza, ndi kudziteteza, chifukwa msonkho ndi wowawa ndipo phindu ndi lochepa. Ukachita zimenezi zaka 15, nambala iliyonse yotuluka pakamwa pako imayamba yadutsa pa sikelo ya "kodi andigwira?" Tsono gofu ilibe wofufuza katundu. M'masewera wamba mulibe woimbira, mulibe wa yunifolomu. Umawerenga wekha, umadzilipiritsa chilango wekha, ngakhale uli wekhawekha kuseri kwa chitsamba. Ndipo ife tinali titabwera kudzapempha munthu kuti atipatse katundu wa R150,000 tiwoloke naye maboda atatu, iye atsale ndi mawu athu okha.

Chopweteka kwambiri n'chakuti njira yolondola inali yotchipa. Mpira ukakhala malo osamenyeka, lamulo limalola kunena poyera kuti sumenyeka, kuonjezera kumenya kumodzi pa chiwerengero chako, n'kuugwetsa kuchokera pa msinkhu wa bondo, pamalo osapitirira kutalika kwa ndodo ziwiri, osayandikira kudzenje. Kamodzi kokha. Tikanauza achimwene aja, akanatisonyeza pomwepo.

Ku South Africa ukatha maenje 9 pamakhala kupuma pang'ono pa kanyumba ka zakudya, ndipo mwambo wake ndi wakuti wosewera amagulira chakudya womunyamulira chikwama. Pamenepo tinapita kwa mwini kampani, miyendo ikulemera. Tinati: "Bwana, pa 7 paja tinalakwitsa. Sikanali ka 6. Tinaphonya kamodzi osawerenga, komanso mpira tinausuntha ndi phazi." Tinkayembekezera ulaliki kapena kuseka. Iwo anatulutsa khadi, anafufuta 6 ndi labala wa pensulo, anajambula kamzere kosonyeza kuti palibe pointi, n'kutifunsa ngati tikufuna payi ya nyama kapena ya nkhuku. Manijala ndi amene anaoneka wokhumudwa, mwina chifukwa cha mapointi, mwina chifukwa cha mlendo amene anabweretsa.

Maenje 9 otsalawo tinasewera moipa chimodzimodzi, koma mofulumira. Tinkatola mpira nthawi yake ikakwana, tinkanena nambala mokweza mpira ukangolowa, ndipo tikakayika tinkafunsa achimwene aja pamaso pa onse. Pa dzenje la 14, la par 3, ndodo ya 7 inagunda pakati penipeni, mpira unakwera mwakachetechete n'kukatera pa kapinga mamita ochepa kuchokera pa mbendera. Amene simunamvepo kukoma kumeneko simungamvetse chifukwa chake anthu akuluakulu amathera Loweruka lonse akuthamangitsa kampira. Kumenya kumodzi kumeneko ndi kumene kwatibweza ku bwalo zaka zonsezi. R50 ija tinaluza.

Za akaunti sitinazitchule pa bwalo, ndipo inunso musadzatchule. Achimwene a ku Mangochi anatichenjeza m'mawa momwe kuti munthu wobwera ndi nkhani ya bizinesi pa dzenje lachitatu amaonedwa ngati wogulitsa inshulansi pa maliro. Mukakhala ndi munthu maola anayi, mumacheza za ana, za msewu wa Tete, za mvula. Mwini kampani anafunsa zambiri za mlatho wa pa Zambezi ndi masiku amene thiraki imagona pa boda, ndipo pamenepo pokha ndi pamene ife tinali akatswiri tsiku lonselo.

Tinene za onyamula zikwama, chifukwa tawaona anzathu ena akuwatenga ngati aganyu a pa Park Station. Munthu ameneyo ndiye mphunzitsi wanu wa tsikulo. Amadziwa ndodo yoyenera, amaona kumene mpira wagwera inu mukuyang'anabe kumwamba, amadziwa kumene kapinga wapendekera. Muuzeni zoona pa chiyambi kuti ndinu wongoyamba, adzakutetezani. Funsani pa kasitolo paja mtengo wake wokhazikika, mugulireni chakudya pakati, ndipo pomaliza onjezerani kenakake pamwamba. Ambiri mwa iwo amasewera bwino kuposa mabwana amene amawanyamulira. Mbiri ya gofu ya kuno ikuchitira umboni. Papwa Sewgolum wa ku Durban anayamba ngati wonyamula zikwama, ankagwira ndodo manja atasemphanitsa, koma anapambana Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964, komanso Natal Open mu 1963 ndi 1965, ulendo wachiwiriwo atagonjetsa Gary Player. Chithunzi chake chimene chinazungulira dziko ndi choti akulandira chikho panja mvula ikugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Vincent Tshabalala anatenga French Open mu 1976. Ndipo anzathu a ku Zambia ali ndi Madalitso Muthiya, amene anasewera US Open mu 2006. Ndiye mawu aja akuti gofu ndi ya azungu ife tinasiya kuwanena. Yodula inde, koma eni ake ndi ambiri.

Pa kudulapo, tichenjezane. Gofu ikhoza kudya mpamba mwakachetechete kuposa chibwenzi cha panjira. Tili ndi mnzathu amene atangoilawa analembetsa umembala wa chaka chonse, anagula ndodo zatsopano, nsapato, chipewa, kenako n'kumakhala pa bala ya kalabu kugulira anthu amene ankaganiza kuti adzamupatsa matenda a boma. Osati matenda a kuchipatala, aja a maoda. Sanapeze ngakhale imodzi, ndipo maulendo ake a ku Joni anachoka pa awiri pa mwezi kufika pa umodzi. Ngati mumasewera kawiri kapena katatu pa chaka, lipirani ngati mlendo tsiku limene mwapitalo. Pakati pa sabata mtengo umatsika kusiyana ndi Loweruka, ndipo maenje 9 okha amaloledwa. Malo alipo njira yonse: Huddle Park ija ndi Soweto Country Club ku Pimville, Royal Harare ndi Chapman ku Harare, Lusaka Golf Club, kwathu Lilongwe Golf Club ya maenje 18, Blantyre Sports Club, Limbe, Mzuzu. Imbani kaye foni mufunse ngati tsikulo akulandira alendo. Ife lamulo lathu ndi lakuti ndalama ya gofu ichoke m'thumba la zosangalatsa, m'mene mumachoka ya mpira wa pa TV ndi kanyenya, osati m'thumba la maoda. Mayi a kunyumba ndi amene amasunga thumba limenelo, choncho lamuloli limagwira ntchito.

Madalaivala, inu muli ndi mwayi umene ife tilibe: masiku odikira mapepala. Ndodo imodzi kuseri kwa mpando ndi timipira tapulasitiki sizilemera, ndipo msana umene wakhala masiku atatu pa chiwongolero umathokoza ukayendetsedwa. Koma yambani mofatsa, dziwongoleni kaye, chifukwa kuzunguza thupi mwadzidzidzi mutangotsika kumagoneka munthu. Pa bwalo lenileni mudzayenda makilomita 8 kapena kuposa, ndiye madzi ndi chipewa musasiye. Ndipo nyengo ya mvula ku Gauteng, mukamva sayirini, siyani zonse mulowe m'nyumba. Imeneyo ndi ya mphezi. Musathawire pansi pa mtengo, ndiponso musaime pabwalo mutanyamula chitsulo.

Yankho la akaunti linabwera patatha masabata awiri, pa WhatsApp, kuchokera kwa manijala. R60,000, masiku 14. Osati zimene tinapempha. Tinalandira, tinalipira ulendo uliwonse tsiku lisanakwane, kawiri konse titachita kukongola marandi kwa anzathu pa mtengo wowawa kuti tisaphonye. Chaka chathachi anaikweza kufika pa R120,000 ndi masiku 30. Mwini kampani sanatchulepo za dzenje la 7 mpaka lero. Chaka chilichonse amatiika m'gulu lawo, ndipo khadi lathu amalemba okha. Amafunsabe kuti kangati.

Kalata yotiitana ya chaka chino yafika kale, ndi October yemweyo. Achimwene a ku Mangochi atumiza uthenga kuti tisaiwale mpunga wa Kilombero ndi usipa, ndipo pobwerera tili ndi kaphukusi kawo ka kumudzi. Ngati alipo wopita cha ku Mangochi kumayambiriro kwa November amene ali ndi malo a makilo 10, atiuze. Komanso ndodo zamanzere zija tinagulitsa imodziimodzi, zinatenga miyezi 8, koma putter ndi chikwama zikadali kuseri kwa shopu. Wamanzere amene akuzifuna abwere ndi mtengo wake, sitikangana.